Matope a kwa Khwethemule

Msana wa Margret unayamba kudandaula kalekale, koma chaka chimenecho unasiya kunong'ona, unayamba kulankhula poyera. Munthu ukaweramira tiyi kuchokera pa utsikana mpaka ana a ana ako kumakutchula agogo, thupi limafika potopa nawe. M'mawa ankadzuka pang'onopang'ono, miyendo kaye, kenako chiuno, msana n'kumabwera pambuyo monyinyirika. Akafika m'munda wa esiteti, dengu kumsana, zala zinkathyola zokha masamba anthete aja, mwini wake maganizo ali kwina. Ankangoganiza chinthu chimodzi: kuti dzinja limeneli likhale lomaliza, akabweze dengu kwa akapitawo, azidya za m'dambo mwake.

Dambolo linali kumunsi kwa mudzi, kwa Nchilamwela, pomwe mizere ya tiyi imathera ndipo madzi otsika m'zitunda amayamba kuyenda mwaulesi. Kamunda kake kanali kakang'ono, kosiyidwa ndi malemu amayi ake, koma kale kankadyetsa nyumba yonse. Ankadzalamo mpunga wofiira, wautali, umene makolo awo anabwera nawo kuchokera kutsidya kwa malire ataumanga m'nsalu. Dzina lake lenileni linatayika m'njira. Pabanjapo ankangoti wa ku Milanje. Unali mpunga wochedwa kucha, wokonda kugona pansi mphepo ikawomba, koma sunkapempha kanthu kwa munthu. Ukangouwokera n'kuupalira, basi, zotsalazo unkadzionera wokha. Ndipo ukauphika, anansi ankabwera kudzapala moto pomwe kwawo moto ukuyaka.

Margret anausiya ana ali pasukulu. Kunabwera mpunga wina woyera, waufupi, wocha msanga, umene ogula pa Boma ankaulimbirana, ndipo mayi wolera ana ndi malipiro a pa esiteti sasankha mpunga chifukwa cha fungo. Wofuna kumunena amunene, koma ana aja anaphunzira. Kwa zaka zambiri mpunga woyerawo unabereka ndithu, bola uupatse feteleza. Kenako unayamba kufuna wochulukirapo chaka ndi chaka, mpaka mtengo wa feteleza unafika poti Margret ankangoyang'ana matumba m'sitolo n'kupitirira.

Chimene chinkamusowetsa mtendere kwambiri chinali matope. Ali mwana, ukaponda m'dambo lija phazi linkamira kupitirira akakolo, m'matope akuda bii, ofewa, otulutsa timathovu pakati pa zala, onunkhira ngati masese. Munali nyongolotsi, tinkhono, ndi ndere zobiriwira pamwamba pa madzi. Tsopano matopewo anali otuwa, olimba, opanda fungo lililonse. Chaka chapitacho anakapempha mbewu ya wa ku Milanje kwa achemwali ake a Esnat, amene anapita chitengwa kwa Khwethemule ndipo mpungawo sanausiyepo, n'kuifesa m'munda mwake. Unamera bwinobwino. Utafika m'mawondo unachita chikasu, ndipo pokolola ngala zake zinali mankhusu okhaokha. Mpunga wa amayi ake unamukana m'munda wa amayi ake omwe, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa msana.

Anakafunsa a Benard, alangizi a zaulimi, atawapeza pamsika atatsamira njinga yawo yamoto imene inalibe mafuta. A Benard nawonso anali munthu wotopa, wotsala pang'ono kupuma pantchito, ndipo anamvetsera nkhani yonse maso atatsinzina.

"Mayi, m'matopemo mumakhala tamoyo ting'onoting'ono, tosaoneka ndi maso," anatero. "Si tonse toononga ayi. Tina timathandiza mbewu kupeza chakudya m'nthaka. Ndiye mpunga uliwonse umatulutsa timadzi take m'mizu, timene timadyetsa tamoyo togwirizana nawo. Mukasintha mtundu wa mpunga zaka zonsezi, n'kuwonjezanso feteleza, mwasinthanso okhala m'matopemo. Aja ankadya kwa mpunga wofiira anasowa wowaphikira."

"Ndiye kuti anafa?"

"Kapena anangochepa. Sindikunamizani, ine sindinawaonepo, ndimangomva kwa anzathu a kafukufuku. Koma ngati kuli munda umene mpungawo sunasiyidwepo, matope a kumeneko ndi amene akuudziwa."

Pamenepo Margret anakumbukira tsiku limene a Esnat ankapita chitengwa. Amayi awo sanawapatse mbewu ya m'thumba ayi. Anawasenzetsa beseni la mbande zozulidwa ndi matope ake omwe, uku akulalata kuti wina asayerekeze kutsuka mizu. Chifukwa chake sananene, mwinanso sankachidziwa. Amayi aja sankafotokoza zinthu, ankangolalata.

Mvula ili pakatikati, a Esnat anaimba foni. Miyendo inali itawatupa, ndipo mwana wawo wa ku Limbe ankabwera kudzawatenga kuti azikakhala pafupi ndi chipatala. Dambo lawo linkabwerera kwa abale a malemu amuna awo, amene anali atakonza kale zokumbapo damu la nsomba.

"Ndinafesa nazale mwachizolowezi, ndisanadziwe kuti andisamutsa," anatero. "Ubwere Lamulungu udzazule. Lolemba anyamata ayamba kukumba, ndipo wa ku Milanje kulibenso wina amene ali naye."

Inali nthawi imene tiyi amaphuka ngati wapenga, nthawi imene kupempha tchuthi pa esiteti n'kungodzitaya ulemu. Margret anali ndi Lamulungu lokhalo. Anauza amuna ake kuti akupita kukatsanzikana ndi achemwali, abwerako ndi mbande, ndipo sanawonjezepo kanthu.

Amuna akewo, a Dixon, anali atapuma pantchito chaka chomwecho, atagwira moyo wawo wonse ku nazale ya tiyi. Kwa Nchilamwela kunalibe mwamuna waukhondo kuposa iwo. Ku nazale anaphunzira kuti matenda a mbande amayenda pa nsapato, pa mpeni ndi pa dothi lochokera kwina. Dothi lothira m'machubu ankalikumba pansi penipeni, n'kulisefa, ndipo munthu wa nsapato zamatope ankamubweza pachipata ngakhale akhale bwana. Mbande zawo zinkatamandidwa pa esiteti yonse. Koma m'dambo la mpunga sanapondemo n'kamodzi komwe. Iwo anali mkamwini, dambo linali la akazi a pamudzipo, ndipo nthawi yowokera inkawapeza ku nazale. Chipumireni ankasowa chochita ndi manja awo. Ankasesa pabwalo m'mawa, n'kusesanso masana, n'kumandandalika mapoto a akazi awo kuyambira laling'ono mpaka lalikulu. Awiriwa ankakondana, zimenezo n'zosakayikitsa, koma zaka za kutopa zinali zitawadyera mawu, moti nkhani zawo zinkathera pa "mwadzuka bwanji" ndi "madzi osamba ali uko".

Lamulungu, atangotuluka m'tchalitchi, Margret ananyamula beseni lalikulu n'kuyamba ulendo. A Esnat anawapeza atakhala pamkeka pakhonde, miyendo atayitambasula, katundu ali kale m'matumba.

"Wabwera wekha? Alamu ali kuti?"

"Ndawasiya akusesa pabwalo."

"Mpaka pano? Bwalo limene lija lidzatha, mudzatsala pamwala," anatero a Esnat. Anaseka pang'ono, kenako anakhosomola. "Pita wekha kudamboko, ine miyendo yandikana. Nazale ili pakona ya kumunsi."

Kudamboko anapeza zikhomo zitakhomedwa kale, chingwe chitazungulira malo a damu. Mbande zinali pakona paja, zobiriwira, zosadziwa kanthu. Margret anavula nsapato n'kuponda. Phazi linamira, timathovu tinatuluka pakati pa zala, ndipo fungo lija linamufika m'mphuno. Anaima pomwepo nthawi yaitali osazula kanthu. Anamva chisoni chachikulu, ndi manyazi pang'ono, chifukwa fungo limeneli anali ataliiwala ndipo sanadziwe n'komwe kuti waliiwala.

Anamasula chitenje chake, chabwino ndithu, chimene mwana wake Triza anamugulira pa Khirisimasi, n'kuchiyala m'beseni. Kenako anapisa manja onse awiri pansi pa mbande, n'kumazinyamula pamodzi ndi chibuma cha matope, n'kumazisanja pachitenjepo. Sanakutumule ngakhale pang'ono. Beseni litadzaza anapinda nsonga za chitenje kuti dzuwa lisapse mizu, ndipo kuti alisenze anachita kuitana mayi wina wodutsa kuti amuthandize.

"Za mizu ukudziwa," anatero a Esnat potsanzikana.

"Ndikudziwa, achemwali."

"Ku Limbe mpunga wake akuti ndi wa m'jumbo, wopanda fungo. Ukadzakolola udzandibweretsereko kambale kamodzi."

Pamsewu minibasi inaima, kondakitala anayang'ana beseni lodontha matope, n'kukoka chitseko. Yachiwiri sinaime n'komwe. Margret anauyamba wapansi, zitunda kukwera ndi kutsika, madzi akuda akumutsikira m'khosi mpaka kumsana. Matope amalemera kuposa mmene munthu amaganizira. Kangapo konse maganizo anamubwerera oti atsitse beseni, atayeko theka la matope, khosi lipume. Koma akakumbukira mawu a amayi ake aja, ankangosintha phazi n'kupitirira. Anafika kunyumba dzuwa litangolowa, khosi litauma gwa. A Dixon anamuthandiza kutula, anayang'ana matope amene anadontha pabwalo lawo losesedwa bwino lija, kenako anakatenga tsache. Margret anasamba n'kugona osadya.

M'mawa, akumanga mpango kuti athamangire kuntchito, anangoti, "Mbandezo zikhale pamthunzi, bambo a Triza. Ndiwokera ndikaweruka."

"Pitani, mayi a Triza. Za mbande musadere nkhawa, imeneyo ndiye ntchito yanga."

Mawuwo anawamva ndithu, koma khutu lina linali kale kwa akapitawo ndi sikelo yawo. Tsiku limenelo anathyola tiyi ngati munthu wobwereka thupi. Dzuwa linawomba, mvula inagwa pang'ono n'kusiya, dzuwa linawombanso. Komabe mumtima munali kachimwemwe kamene anali asanakamve kwa zaka zambiri. Ankayang'ana dengu la mnzake wakutsogolo n'kumadziuza kuti chaka chamawa nthawi ngati ino adzakhala akupalira mpunga wake, mowerama momwemo inde, koma akatopa azidzakhala pansi popanda womuwerengera.

Ataweruka sanapeze beseni kuseri kwa khitchini. Anatsikira kudambo, ndipo ali patali anaona kachisakasa katsopano ka udzu m'mbali mwa munda wake, komangidwa mwaluso, mitengo yake yofanana msinkhu. A Dixon anaima pambali pake, manja kumbuyo, nkhope ili ndi kumwetulira kumene Margret anali asanakuone chipumireni iwo pantchito.

Pansi pa chisakasacho panali mbande zake, zomangidwa m'timitolo tofanana, tondandalikidwa pamzere. Masamba anali odulidwa nsonga bwinobwino. Mizu inali yoyera mbee, uliwonse pawokha, yoviikidwa m'madzi oyera m'beseni limene nalonso linkawala.

"Ndinaona kuti mwatopa kwambiri, ndiye ndati ndikupeputsireni ntchito," anatero a Dixon. "Zinabwera ndi dothi lachilendo lambiri zedi. Dothi lotere ndi limene limabweretsa matenda m'munda, ku nazale sitinkalola n'komwe. Ndatsuka imodziimodzi. Palibe muzu umene ndadula."

Margret anakhala pansi pa udzu wonyowa, dengu likadali kumsana.

"Mwatsukira kuti?"

"Kumtsinje, pamadzi oyenda, kuti zonse zipite."

"Zapitadi," anatero Margret.

Anadikira kuti mkwiyo ubwere, koma sunabwere. Kukwiya kumafuna mphamvu, ndipo mphamvu zake anali atazisiya m'zitunda za pakati pa Khwethemule ndi Nchilamwela. Anangoyamba kufotokoza ndi mawu otsika, ngati akunena za anthu ena: za mpunga umene unachita chikasu chaka chatha, za tamoyo ta a Benard, za amayi ake ndi beseni la a Esnat. Anawauza kuti mbande anangozitenga poperekeza, chimene anakasenza kwa Khwethemule chinali matope. Anawauzanso, koyamba, kuti ankafuna kusiya ntchito chaka chino. Pamene ankamaliza, a Dixon anali atavula chipewa, akuchipotokola m'manja.

"Simunandiuze, mayi a Triza."

"Sindinakuuzeni."

Mwamunayo anachita zimene moyo wake wonse unamuphunzitsa kuti ndiko kusamala mbande, ndipo anazichita bwino kwambiri. Margret anatula dengu, anakwinya diresi, n'kulowa m'matope ake otuwa aja. Mbande zozulidwa sizidikira kuti anthu amalize chisoni. Anawokera mpaka kuwala kutatha, a Dixon akumupatsira timitolo ali chiimire m'mphepete.

Kutacha, Margret asanadzuke, a Dixon anali atanyamuka kale ndi ndowa. Anabwerako madzulo, mapazi atatupa, n'kukhala pakhonde osavula nsapato, chinthu chimene anali asanachitepo. Ndowa inabwera yoyera monga inapitira.

"Anyamata aja anayambira pakona ya nazale pomwepo," anatero. "Matope akuda anawaponya pansi, n'kuthirapo katondo wa m'dzenjemo pamwamba, n'kupondaponda kuti likhale khoma la damu. Ndinawapempha kuti ndifukuleko pang'ono. Anati ndikagumula khoma ndilipira. Alamu a Esnat nawonso anapita ku Limbe dzulo."

Margret anangogwedeza mutu. Analowa m'nyumba, anasonkha moto, anateleka madzi. Atafuna chomanga m'chiuno kuti utsi usalowe m'diresi la kuntchito, m'pamene anakumbukira.

"Chitenje changa chija chili kuti? Nachonso munachapa?"

A Dixon anayang'ana pansi. Munthu amene anapirira kusekedwa ndi anyamata a ganyu tsiku lomwelo anachita manyazi ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

"Chimenecho ayi. Ndinachinyamula ndithu, koma nditayandikira kumtsinje ndinamva mawu a azimayi akuchapa. Ndiye ndinati, munthu wamkulu ngati ine, mkamwini, andione ndikuchapa chitenje cha akazi anga, mawa mudzi wonse uzinena kuti munandidyetsa. Ndinachibisa pansi pa nthochi kuti ndidzachape kukakhala kopanda anthu. Kenako ndinaiwala. Pepani, ndichapa mawa."

"Musachikhudze," anatero Margret.

Anachipeza pakati pa nthochi za m'mbali mwa njira, chopindidwa kanayi mwaudongo monga a Dixon ankapindira chilichonse. Chinali cholemera, chonyowabe chifukwa cha mthunzi ndi mvula, maluwa ake osaoneka n'komwe pansi pa matope okhuthala. Atachifunyulula pang'ono, fungo lija linatuluka, ndipo kanyongolotsi kamodzi kanabisa mutu. Margret anaseka. Sikunali kuseka kwa chimwemwe kwenikweni, kunali kuseka kwa munthu amene waona kuti katundu yense wapita ndi madzi, kwatsala chimene manyazi a mwamuna anasunga.

Anapita nacho kudambo nthawi yomweyo, a Dixon akutsatira pambuyo. Pakona ina, pomwe madzi sankaphwa msanga, anazula mbande zimene anawokera dzulo lake, anayala chitenje pansi pa madzi, matope ake kumwamba, n'kuchipondaponda mpaka chinamira. Kenako anachiboola ndi chikwanje apa ndi apo, n'kubwezeretsa mbande zija m'mabowomo. Triza akanaona zimene zinkachitikira mphatso yake, akanalira.

Masabata anapita. Tiyi anapitiriza kuphuka, msana unapitiriza kulankhula. Margret ankadzera kudambo akaweruka, osati tsiku lililonse, chifukwa masiku ena miyendo inkangolunjika kunyumba yokha. Poyamba munda wonse unali wofanana. Mpunga utafika m'mawondo, chikasu chija chinayamba, kuchokera kumtunda kutsikira kumunsi, monga chaka chatha. Chinadya mzere ndi mzere. Chitafika pakona paja chinaima. Pamenepo panatsala kachigawo kobiriwira, kotalika kuposa kwina konse, kakakulu ngati chitenje choyala ndi pang'ono pongozungulira.

A Benard anadzera tsiku lina, wapansi, n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana.

"Zikhoza kukhala zimene ndinanena zija," anatero. "Zikhozanso kukhala kuti pakonapa m'ponyowa kuposa pena. Ine sindingalumbire. Koma ndikanakhala inu, matope a pamenepa sindikanalola kuti aume m'chilimwe. Akang'ambika ndi dzuwa, zambiri za m'menemo zimapita. Chaka chamawa mufese nazale pomwepa, pozula muzitenga ndi matope ake, muzifutukula pang'onopang'ono."

"Mpaka munda wonse? Zitenga zaka zingati?"

"Zingapo, mayi."

Zingapozo Margret anazimva mumsana.

Anakolola nthawi ya chiperoni, kamvula kosalekeza kaja kakuwaza. Munda wonse unapereka mankhusu. Pakona paja ngala zinali zolemera, zoweramira pansi, ndipo atafikisa imodzi m'manja, timaso tofiira tinatuluka. Anadula ngala imodziimodzi ndi kampeni. Zonse pamodzi sizinadzaze lichero.

Analiika pakhonde, awiriwo n'kukhala akuliyang'ana.

"Tingasinjeko pang'ono," anatero a Dixon mosamala. "Kambale ka alamu kaja. Kapena inuyo mungolawako, mwavutika nawo."

Margret anatola ngala imodzi n'kuinunkhiza. Ankaufuna mpungawo, ankaufuna kwambiri, mpaka malovu anadzaza m'kamwa. Anaganiza za a Esnat, amene mawu awo pafoni ankamveka ochepa mwezi ndi mwezi.

"Ndi mbewu," anatero. "Achemwali ndiwauza adikire."

Anamanga ngalazo ndi luzi n'kuzipachika kudenga la khitchini, pomwe utsi umafika. M'mawa mwake anapita kwa akapitawo kukanena kuti dzina lake asalichotse. Akapitawo anadabwa, chifukwa sankadziwa n'komwe kuti panali maganizo olichotsa.

Chilimwe chinafika ndi dzuwa lake losaseka ndi munthu. Mitsinje inachepa, dambo lonse linauma n'kung'ambika ming'alu yolowa dzanja. Tiyi anali ndi masamba ochepa, ofuna kusakasaka, ndipo dengu linkachedwa kudzaza. Tsiku lina gulu la Margret linkathyola m'munda wa kumalire, pachitunda choyang'anana ndi mudzi, pomwe dambo limaonekera lonse. Leah, mnzake wa mzere woyandikana, anaimirira n'kuika dzanja pamphumi.

"Amayi a Triza, si amuna anu awo? Mutu ukuyenda bwino koma? Anthu akuti tsiku ndi tsiku amathirira matope opanda mbewu."

Azimayi ena anaseka. Margret anawongola msana pang'onopang'ono n'kuyang'ana kumunsi. M'dambo lotuwa lija munali kadontho kamodzi kakuda, kofoleredwa ndi kachisakasa ka udzu, mitengo yake yofanana msinkhu. Kuchokera ku chitsime cha kumunsi, munthu wokalamba ankakwera ndi ndowa ziwiri, kuyenda pang'ono, kuima, kuyendanso. Atafika anavula nsapato, analowa m'matopemo, n'kuthira madzi mofatsa, ngodya ndi ngodya, monga ankathiririra mbande za bwana. Potuluka anaima m'mphepete penipeni, anakweza phazi limodzi pamwamba pa kadontho kaja, n'kulitsukira momwemo ndi madzi otsala m'ndowa, kenako linalo, kuti ngakhale matope a pakati pa zala asachoke pamalopo.

Margret sanaseke. Anakonza lamba wa dengu paphewa, pomwe khungu linachita chikanga kalekale, n'kuweramiranso tiyi.